Mutu 5: Mayi Wokhala Kuseri kwa Zenera

1. Mlendo wa mapepala

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 1995, fodya atagulitsidwa kale, ku mpingo wa pa Kafulama, kuseri kwa Dzoole, kunafika mlendo pa njinga yamoto. Dzina lake anali a Benjamini. Ana anathamangira njingayo, akuluakulu n'kumasuzumira katundu amene anali kumbuyo. Ena ankaganiza kuti mwina muli zovala za kaunjika. Atamasula chingwe, munatuluka mapepala okhaokha.

A Benjamini anali mmodzi wa anthu amene ankamasuliranso Mawu a Mulungu m'Chichewa chimene anthu amayankhula masiku ano. Akamasulira ndime, sankathamangira nayo kukasindikiza. Ankayamba ayenda nayo m'midzi, kuwerengera anthu, n'kuwafunsa kuti amvapo zotani.

Koma ntchitoyi inali ndi vuto lake. Zaka makumi atatu za chipani chimodzi zinaphunzitsa anthu kuti munthu wogwira kope ndi cholembera samuuza zakukhosi. Matipate anali atabwera, inde, koma mantha sachoka tsiku limodzi ngati chimfine. Kulikonse a Benjamini akafunsa, yankho linali limodzi: "Tamva bwino, bambo."

Choncho anapeza nzeru. Ankawerenga ndimeyo, kenako n'kutuluka kukakhala patali pansi pa mtengo. M'katimo ankasiyamo mwana wa pamudzi pomwepo kuti afunse anthu ndi kulemba zonse zimene anene, osachotsapo kapena kuwonjezera.

Pa Kafulama, mkulu wa mpingo, a Elifala, sanavutike kusankha. Iwo anali mphunzitsi wopuma, wokonda taye ngakhale popita kudimba, ndipo mpingo wawo ankaunyadira ngati mwana wobala okha.

"Mulembi tili naye," anatero. "Tabita, wa Fomu 3. Ndinamuphunzitsa ndekha kugwira pensulo. Zolemba zake mungawerenge muli tsidya lina la mtsinje."

Tabita analandira kopelo ndi manja awiri mwachimwemwe.

2. Kuseri kwa zenera

Linali tsiku Lachinayi, tsiku la msonkhano wa amayi. M'tchalitchi munadzaza amayi oposa makumi atatu. Koma mayi mmodzi sanalowe. Anayala chiguduli panja, kuseri kwa zenera la kumadzulo, n'kukhala pomwepo monga ankachitira nthawi zonse.

Ameneyu anali Ester, mayi wamng'ono wa Tabita. Zaka zinayi zapitazo anabereka mwana amene sanakhalitse, ndipo kuyambira pamenepo ankadwala matenda otaya magazi osaleka. Kuchipatala cha ku Mtengowanthenga anamupatsa mankhwala n'kumuuza kuti abwererenso, koma wopita naye anasowa. Palibe amene ankafuna kumunyamula panjinga.

Anthu ankaopa mdulo. Kwathu kuno amati mkazi amene ali m'masiku otere akakukhudza, kapena akathira mchere m'ndiwo zako, umatupa miyendo, chifuwa n'kumakubaya, mphamvu n'kutha. Kwa akazi ena zimenezi zimakhala za masiku ochepa. Kwa Ester zinali zaka zinayi.

Palibe lamulo la mpingo limene linamutulutsa. Kungoti akakhala pabenchi, anzake ankasuntha mmodzimmodzi mpaka benchi yonse kukhala yake. Munthu sachita kuuzidwa kawiri. Ester anadzitulutsa yekha, ndipo nyimbo ankayimbira kunja, chapansipansi. Tabita zinkamupweteka kwambiri, koma analibe poyambira.

A Benjamini sankadziwa zimenezi. Anaimirira kutsogolo n'kuwerenga nkhani imene inali pa pepala la tsikulo. Inali ya mayi amene anadwala matenda omwewo zaka khumi ndi ziwiri, n'kudzapanikizana m'khamu la anthu mpaka kukhudza chovala cha Yesu, pamene Iye ankapita kukaona mwana wodwala wa bambo wina. Pepalalo linati nthawi yomweyo Yesu anamva kuti mphamvu yatuluka mwa Iye, ndipo anatembenuka n'kufunsa amene wamukhudza. Mayiyo anabwera akunjenjemera, ndipo Yesu anamuuza kuti apite ndi mtendere. Pepala linathera pamenepo.

"Mwamva bwanji, amayi?"

"Tamva bwino, bambo!" anayankha onse pamodzi.

A Benjamini anamwetulira, n'kutuluka kulowera ku mtengo wa mthethe uli kumapeto kwa bwalo.

3. Zimene amayi anamva

Mlendo atangochoka, pakamwa panamasuka. Tabita anatsegula kope.

"Amayi, nkhaniyi ikutiphunzitsa chiyani?"

Woyamba kuyankha anali mayi Faines, mtsogoleri wa amayiwo. Anali mayi wamfupi, wa mawu omveka kumsika wa Madisi ali pakhomo pake, ndipo akanena chinthu ena ankangovomera.

"Funso lake lomwelo? Nkhaniyi ndi yapoyera, mwanawe. Mayi ameneyu anawadula Ambuye."

Cholembera cha Tabita chinaima.

"Lemba! Si ndiye ntchito yako? Wamva wekha kuti mphamvu inatuluka. Munthu mphamvu ikatuluka amatsala ndi chiyani? N'chifukwa chake anatembenuka mokalipa kufuna wopalamulayo. Nayenso mayiyo ankanjenjemera chifukwa ankadziwa chimene wachita."

"Zoona," anavomereza mayi wina. "Anamukhululukira chifukwa ndi Ambuye, koma zinthu zinali zitaonongeka kale."

"Nanga simukumbukira kuti mtanda unawakanika panjira mpaka anachita kuwanyamulira munthu wina?" anawonjezera wachitatu. "Mwamuna wa zaka makumi atatu, mmisiri wa matabwa, kulephera thabwa? Unali mdulo umenewo!"

Amayi onse anagwedeza mitu. Nkhaniyi anakhala akuimva chomwecho kuyambira ali atsikana, kungoti palibe amene anawafunsapo. Tabita analemba zonse. Sanayerekeze kuyang'ana kuzenera, chifukwa ankadziwa kuti mawu onsewa akutulukira pomwepo.

4. Chenjezo la a Elifala

A Elifala anali m'kachipinda kosungira mabuku, ndipo anamva zonse. Anasuzumira pakhomo n'kumukodola Tabita. Tabita atalowa, iwo anatseka chitseko, n'kuwerenga kawiri tsamba limene analembalo, thukuta likutsika m'khosi mwa taye.

"Mwana wanga, khala pansi undimvere. Ine ndakuphunzitsa, ndipo sindingakusokeretse. Tchalitchi ichi chinamangidwa ndi njerwa zimene tinaumba ndi manja athu. Zaka makumi anayi takhala tikuphunzitsa Mawu pano. Lero ukufuna kuti pepala ili lipite kumzinda, akaliwerenge anthu ophunzira, akaseke kuti a pa Kafulama amati Ambuye anadwala mdulo? Adzati Elifala ankaphunzitsa chiyani zaka zonsezi? Adzati kuno kulibe Akhristu, kuli anthu ovala zoyera chabe.

"Mlendo ndi mame, mwana wanga, sachedwa kukamuka. Uyu dzuwa likapendeka akwera njinga yake. Iwe utsala konkuno ndi amayi omwewa. Ukawachititsa manyazi lero, mawa ukatunga nawo madzi pachitsime chiti? Ndikudziwa kuti masiku ano ndi a matipate, aliyense akuti ali ndi ufulu woyankhula. Koma ufulu si kudzivula pamaso pa alendo. Za m'nyumba zimathera m'nyumba. Amayiwa ndidzawawongola ndekha pang'onopang'ono.

"Ng'amba tsamba ili. Lemba kuti onse amva kuti mayiyo anachira chifukwa cha chikhulupiriro. Si bodza limenelo, ndi zimene Buku likunena. Wandimva?"

"Ndamva, aphunzitsi," anayankha Tabita, maso ali pansi.

Anatulukira khomo lakumbuyo kuti akaitane mlendo. Pokhota pangodya anapeza Ester akupinda chiguduli chake.

"Mayi aang'ono, mukupita kuti? Msonkhano sunathe."

Ester anaseka kaseko kopanda chimwemwe. "Kwa ine watha, Tabita. Zaka zonsezi ndimati anthu okha ndiwo akundithawa, koma Ambuye sangandithawe. Lero ndamva kuti munthu ngati ine anawafooketsa ndi Iwo omwe. Ndiye pazenera pano ndikudikira chiyani? Sindidzabweranso."

"Dikirani pang'ono pokha. Chonde, mpaka nyimbo yotsekera."

Ester anaima, chiguduli chili m'khwapa. Tabita anayang'ana tsamba lija. Chala chake chinali kale pamwamba pake, pong'ambira. Anachichotsa, n'kutseka kope.

5. Tabita awerenga

Onse atakhalanso pansi, a Benjamini anati, "Mulembi wathu, tiuze zimene amayi anena."

Tabita anaimirira. A Elifala anamugwedezera mutu momulimbikitsa, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti mwana wamva. Iye anayang'ana kope lokha, n'kuyamba kuwerenga mokweza, liwu ndi liwu, monga amayi ananenera. Anawerenga za mdulo, za kukalipa kwa Yesu, mpaka za mtanda umene unakanika panjira.

A Elifala anagwira kumutu. Mayi Faines anamuyang'ana Tabita ndi diso loti tikaonana kunja.

A Benjamini sanaseke. Anavula magalasi, n'kuyenda mpaka pamene panali Tabita, n'kumugwira chanza ndi manja awiri.

"Amayi ndi abambo," anatero, "pepala ili ndayenda nalo midzi khumi ndi umodzi. Konseko alembi amandibweretsera mawu okoma, akuti onse amva bwino. Ndinatsala pang'ono kukauza anzanga kuti ndimeyi ilibe vuto, isindikizidwe. Ikanalowa m'nyumba zikwizikwi, ndipo ana anu ndi adzukulu anu akanaimva monga mwaimvera inu. Safunsa anadya phula, koma wofunsa akanamizidwa amadyanso phula lomwelo.

"Musachite manyazi. Inu simunalakwe kumva. Talakwa ndife omasulira. Mawuwa sanalembedwe m'Chichewa poyamba. Analembedwa m'chiyankhulo cha Agiriki, ndipo ife timachita kuwasenza kuwabweretsa kuno. Tinawasenza mmene analili, osaganiza kuti akafika kwa Mchewa akapeza mdulo ukuwadikira pakhomo. Amene analemba nkhaniyi sankanena kuti Yesu anatsala wopanda mphamvu. Ankanena kuti mphamvu yake inapita kukagwira ntchito. Tamverani ndiyese kunena mwina."

Anatenga pensulo, n'kufufuta mzere umodzi, n'kulemba pamwamba pake. Kenako anawerenga: "Nthawi yomweyo Yesu anadziwa kuti mphamvu yake yachiritsa munthu, ndipo anatembenuka kuti amuone."

Amayi anayamba kunong'onezana. Koma mayi Faines sanali munthu wogonja ndi pensulo.

"Pepani bambo, ine sindinapite patali kusukulu, koma apa mwangokonza mawu kuti atikomere m'khutu. Dzulo mphamvu inatuluka, lero yachiritsa. Mawa mudzabwera ndi zina. Umboni uli kuti woti Ambuye sanadulidwe?"

"Eya, umboni!" anavomereza ena.

A Benjamini anayamba kufotokoza za mawu a Chigiriki, koma nkhope za amayi zinaonetsa kuti Chigirikicho chikungodutsa pamwamba ngati mbalame. Apa Tabita anakweza dzanja monga amachitira m'kalasi.

"Bambo, pepala lija linayamba ndi bambo wina amene anadzaitana Yesu kuti mwana wake wamkazi akudwala. Koma latha tisanamve kuti anakafika kapena ayi. Kodi pepala lotsatira muli nalo?"

A Benjamini anamuyang'ana kanthawi, kenako anadzimenya pamphumi. Anafufuza m'chikwama n'kutulutsa pepala lina. "Tinaidula pakati nkhaniyi kuti isatalike. Werenga ndiwe."

Tabita anawerenga. Yesu ali chiyankhulire ndi mayi uja, kunabwera uthenga woti mwana wamwalira. Iye anapitabe, tsiku lomwelo, ndi mapazi omwewo. Analowa m'nyumba ya maliro, anagwira dzanja la mtsikanayo, ndipo mtsikanayo anadzuka n'kuyamba kuyenda.

Tabita anatsitsa pepala. "Amayi, ine ndine mwana, mundikhululukire. Ndingofunsa kuti ndilembe. Kodi munthu amene wadulidwa kumene angathe zimenezi?"

Mayi Faines anayang'ana pepalalo. Kenako anaomba m'manja kamodzi.

"Munthu wa mdulo sangadzutse ndi nkhuku yomwe! Amangogona, miyendo ili tutumu. Iiii, abale, zaka zonsezi!" Anatembenukira kwa a Benjamini. "Ndiye kuti zili ngati kupala moto? Mnzako akadzapala moto pakhomo pako, kwake kumayaka, koma kwako sikuzima."

"Mayi, mwamasulira kuposa ife tonse a m'komiti yomasulira," anatero a Benjamini, akulemba msangamsanga. "Ndipo mapepala awiriwa sadzasiyananso."

"Nanga ankamufuniranji mayiyo, ngati sanakalipe?" anafunsa mayi uja wa nkhani ya mtanda.

Tabita anabwerera pa pepala loyamba. "Apa akuti anamutchula kuti mwana wanga. Pamaso pa khamu lonse."

"Ndiye kuti ankafuna anthu amuone," anatero mayi Faines pang'onopang'ono. "Kuti asabisalenso."

Atanena zimenezi, maso ake anapita kuzenera la kumadzulo. Maso a amayi onse anatsatira.

6. Benchi idzaza

Mayi Faines ananyamuka, n'kumanga chitenje molimba, n'kutuluka. Amayi anadzazana m'mazenera. Ester anali ataima pangodya paja, misozi ikutsika, pakuti zonse anazimva.

"Ester! Taya chiguduli icho."

"Mayi, musandiyandikire, mungadzandinene."

"Ndakuuza kuti taya!"

Mayi Faines anamugwira padzanja, dzanja lenilenilo, osati pansalu. Anamukoka kudutsa naye pakhomo lalikulu mpaka pabenchi ya kutsogolo, n'kukhala naye phewa ndi phewa. Panapita kanthawi benchiyo ili ndi anthu awiri okha. Kenako mayi wina anabwera kudzakhala mbali inayo. Wina anatsatira, winanso, mpaka benchi inayamba kulira.

Nthungululu inaphulika. Wina anayambitsa nyimbo, ndipo Ester anaiyimba mokweza, mawu amene tchalitchicho chinali chitawaiwala. Si amayi onse anasuntha ayi. Atatu kapena anayi anatsala kumbuyo, manja ali m'zitenje. Koma Tabita sanawawerenge amenewo. Anaima kutsogolo, kope lili pachifuwa, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Chibadwire anali asanasangalalepo chotere.

"Ester, Lolemba mwana wanga Alexio adzakunyamula panjinga mpaka ku Mtengowanthenga," anatero mayi Faines nyimbo itatha. "Akakana, aona chimene chinameta nkhanga mpala."

Amayi anaseka. A Benjamini anapempha kuti atenge kope lija mmene linalili, kuti anzawo akawerenge okha zimene amayi a pa Kafulama anawaphunzitsa.

A Elifala okha ndiwo sanaseke. Anaimirira kuti atseke msonkhano, ndipo podutsa pafupi ndi Tabita anayankhula motsitsa. "Sunandimvere."

"Pepani, aphunzitsi. Munandiphunzitsa ndinu kuti mulembi salemba zimene sanamve."

Mkuluyo anamupitirira. Anakonza taye yake, anapita kutsogolo, n'kutenga buku la mayina a mpingo kuti alengeze zolengeza monga mwa nthawi zonse.

"Amayi, musaiwale kuti Lamulungu likudzali abusa abwera, ndipo kuli Mgonero wa Ambuye. Amene akudzadya nawo alembetse mayina lero."

Ester anaimirira. Mawu ake anamveka mpaka kumbuyo.

"Aphunzitsi, mulembe dzina langa."

Kuseka konse kunatha. Kukhala pabenchi imodzi ndi nkhani ina. Koma pa Kafulama chikho cha Mgonero chinali chimodzi, ndipo chinkayenda pakamwa ndi pakamwa, kuyambira kwa amuna mpaka kwa amayi. Wochinyamula anali a Elifala.

"Ndikudziwa kuti chikho n'chimodzi," anatero Ester. "Ndidzamwera chomwecho."

A Elifala anatsegula bukulo. Anayang'ana Ester, anayang'ana amayi otsala kumbuyo aja, kenako anayang'ana Tabita. Cholembera chinafika pamwamba pa pepala, n'kuima pomwepo.